Kujambula pa Kompyuta: Zipangizo Zomvana ndi Zosamvana

Pensulo sisankha pepala. Imalemba m'kope, pa katoni ngakhale pa khoma. N'chifukwa chake munthu amene wangoyamba kumene kujambula pa kompyuta amaganiza kuti cholembera chilichonse chamagetsi chingalembe pa thabuleti iliyonse, ndiponso kuti thabuleti iliyonse ingagwire pa kompyuta iliyonse. Ambiri ataya ndalama chifukwa cha maganizo amenewa.

Mzere umene wojambula amakoka usanaoneke pa sikirini, umadutsa pa zinthu zinayi: cholembera, thabuleti, kompyuta kapena foni, ndi pulogalamu yojambulira. Chilichonse chiyenera kumvana ndi chinzake chotsatira. Chimodzi chikapanda kumva, zitatu zinazo, ngakhale zikhale zodula bwanji, sizithandiza kanthu.

Mitundu itatu ya mathabuleti

Mtundu woyamba ndi thabuleti yopanda sikirini. Ndi kathabwa kapulasitiki kamene mumalumikiza ku kompyuta, dzanja n'kumajambula pansi, maso ali pa sikirini ya kompyuta. Ndi mtundu wakale kwambiri: RAND Tablet inapangidwa ku America mu 1964, ndipo KoalaPad inafika m'nyumba za anthu mu 1983, chaka chimene kampani ya Wacom inakhazikitsidwa ku Japan. Wacom Intuos, Huion Inspiroy ndi XP-Pen Deco ali m'gulu limeneli.

Mtundu wachiwiri uli ndi sikirini yakeyake, ndipo mumajambula pa galasi pomwe pakuonekera chithunzicho. Zitsanzo ndi Wacom Cintiq, imene inayamba kugulitsidwa mu 2001, Huion Kamvas ndi XP-Pen Artist. Ambiri amapusitsidwa ndi mtundu umenewu. Poona sikirini amaganiza kuti ndi kompyuta yathunthu, pomwe payokha siyaka n'kuonetsa kanthu. Imangoonetsa zimene kompyuta yaitumizira.

Mtundu wachitatu ndi kompyuta yoima payokha imene imalandira cholembera, monga iPad, Samsung Galaxy Tab S ndi Microsoft Surface.

Mavuto a kumvana amasiyana pa mitundu itatuyi. Woyamba umavuta pa pulogalamu yoyendetsa, wachiwiri umaonjezerapo vuto la zingwe, pomwe wachitatu umavuta kwambiri pa cholembera.

Zimene zili m'kati mwa cholembera

Zolembera zambiri zimafanana maonekedwe, koma zimalankhula ndi thabuleti m'njira zosiyana kotheratu.

Njira yodziwika kwambiri kwa ojambula imatchedwa EMR, ndipo inatchuka ndi Wacom. Pansi pa malo ojambulira pamayalidwa timawaya topyapyala, tina choimirira tina chopingasa. Timawayati timatulutsa mphamvu ya maginito. M'kati mwa cholembera, pafupi ndi nsonga, muli waya wamkuwa wokulungidwa umene umalandira mphamvuyo n'kuibweza. Thabuleti imatumiza n'kumvetsera, kutumiza n'kumvetsera, ndipo imauza kompyuta pamene pali cholembera maulendo oposa 100 pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake cholembera chotere sichifuna batire. N'chifukwa chakenso kamuvi ka pa sikirini kamayenda nsonga isanakhudze n'komwe, ikadali m'mwamba pafupifupi sentimita imodzi. Mukakanikiza, kansonga kapulasitiki kamakankha kachipangizo ka m'kati, chizindikiro chobwezedwacho chimasintha, ndipo thabuleti imadziwa kuti dzanja lalemera.

Njira yachiwiri ndi ya zolembera zokhala ndi batire, zimene zimatumiza zokha chizindikiro ku galasi la sikirini. Muno muli mabanja angapo osamvana: AES ya Wacom yomweyo, MPP ya Microsoft, USI imene imapezeka kwambiri pa makompyuta a Chromebook, ndi Apple Pencil.

Njira yachitatu ndi ya tizolembera totchipa ta nsonga yarabara kapena kambale koonekera, timene timagulitsidwa m'mashopu a mafoni. Timeneti timangolowa m'malo mwa chala. Timalemba pa sikirini ya foni iliyonse, koma sitimva kukanikiza, ndipo pa thabuleti ya EMR yopanda sikirini sitigwira ntchito yojambula.

Cholembera chilichonse ndi kwawo

Kufanana kwa njira sikutanthauza kumvana. Wacom, Huion ndi XP-Pen onse masiku ano amapanga zolembera zopanda batire, koma cholembera cha Wacom Intuos sichilemba pa Huion, ndipo cha Huion sichilemba pa XP-Pen. Ngakhale m'kampani imodzi, mibadwo imasiyana. Pro Pen 2, chimene chinabwera ndi Intuos Pro ya 2017, sichilemba pa Intuos wamba ya 2018, ngakhale maina awo akufanana. Mathabuleti ena akale a Huion anali ndi zolembera zotchaja, ndipo zolembera zatsopano zopanda batire sizigwira pamenepo.

Pali banja limodzi la EMR limene lili ndi mtima wochereza. S Pen ya Samsung, imene inayamba ndi foni ya Galaxy Note mu 2011, imagwiritsa ntchito luso la Wacom. Makampani a zolembera a ku Germany, Staedtler ndi Lamy, anapanganso zolembera zawo za m'banja lomweli. Zonsezi zimalemba pa Galaxy Tab S ndiponso pa Wacom One ya sikirini imene inatuluka mu 2020. Koma S Pen yomweyo mukaiika pa Intuos Pro, kamuvi sikasuntha.

Kwa Microsoft nkhani inasintha pakati pa ulendo. Surface Pro yoyamba ndi yachiwiri zinkagwiritsa ntchito EMR ya Wacom. Mu 2014, Surface Pro 3 inasamukira ku luso la kampani ya ku Israel ya N-trig, limene Microsoft inagula chaka chotsatira. Kuyambira pamenepo cholembera chakale sichilemba pa Surface yatsopano. Zolembera zambiri za Surface zimafunanso kabatire kowonda ka AAAA, kamene sikapezeka m'golosale iliyonse.

Kwa Apple muyenera kusamala koposa, chifukwa dzina limodzi la Apple Pencil likuimira zolembera zinayi. Choyamba, cha 2015, chimatchajidwa pa kabowo ka Lightning. Chachiwiri, cha 2018, chimamata ndi maginito m'mbali mwa iPad n'kumatchajidwa pomwepo. Cha USB-C, cha 2023, n'chotchipirapo koma sichimva kukanikiza, chinthu chimene wojambula amachifuna kuposa china chilichonse. Apple Pencil Pro chinatuluka mu 2024. iPad iliyonse ili ndi zake zimene imalandira. iPad wamba ya m'badwo wa 10, ya 2022, imakana chachiwiri koma imalandira choyamba, ndipo poti kabowo kake ndi ka USB-C, pamafunikanso kadaputala kuti ziwirizi zidziwane. iPad Pro ya 2024 nayo imakana chachiwiri. Pa iPhone palibe Apple Pencil chimene chimalemba.

Phunziro lake n'limodzi: cholembera chimagulidwa poona nambala ya thabuleti. Tembenuzani thabuletiyo, pansi pake pali kapepala kolembedwa nambala monga CTL-4100 kapena PTH-660. Nambala imeneyo ndi imene muyenera kufananitsa ndi mndandanda wa zolembera umene kampani inalemba pa intaneti.

Kabowo ndi chingwe

Thabuleti yopanda sikirini sivuta pa zingwe. Imafuna kabowo kamodzi ka USB, ndipo magetsi ake ochepa imatenga pomwepo. Zina zimalumikizananso pa Bluetooth. Kumene magetsi amathimathima, uwu ndi mwayi weniweni: batire ya laputopu ikadali ndi moto, ntchito ikupitirira.

Thabuleti ya sikirini imafuna zinthu zitatu nthawi imodzi: chithunzi chochokera ku kompyuta, njira yobwezera uthenga wa cholembera, ndi magetsi oyatsira sikiriniyo. N'chifukwa chake zambiri zimabwera ndi chingwe cha nthambi zitatu. Nthambi ya HDMI imanyamula chithunzi, ya USB imanyamula uthenga wa cholembera, ndipo yachitatu, imene nthawi zambiri imakhala yofiira, imapita ku magetsi. Mukaiwala ya USB, chithunzi chimaoneka koma cholembera chimakhala chakufa. Mukaiwala ya HDMI, kamuvi kamayenda pa sikirini ya kompyuta koma thabuleti ili bii.

Masiku ano zonse zitatu zikhoza kudutsa pa chingwe chimodzi cha USB-C, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Timabowo ta USB-C timafanana tonse kunja, koma si tonse timene timatulutsa chithunzi. Kabowo kamatulutsa chithunzi pokhapokha ngati kali ndi chimene chimatchedwa DisplayPort Alt Mode, kapena ngati ndi ka Thunderbolt, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi chizindikiro cha mphezi pambali pake. Malaputopu ambiri otchipa ali ndi USB-C yongotumiza mafailo basi. Chingwe nachonso chili ndi mbali yake: chotchajira foni nthawi zambiri sichinyamula chithunzi, ngakhale chilowe bwinobwino m'kabowo.

Malaputopu akale, amene ambiri timagula ogwiritsidwapo kale ntchito, ena amangokhala ndi kabowo ka VGA, kabuluu ka timaenje 15. Pamenepo pamafunika kachipangizo kosinthira VGA kupita ku HDMI, ndipo chithunzi chake sichikhala chakuthwa. Pa kompyuta ya pa desiki yokhala ndi khadi la zithunzi, chingwe cha HDMI chilowe m'kabowo ka khadilo, kamene kamakhala cham'munsi kumbuyo kwa bokosi, osati ka pamwamba pafupi ndi timabowo ta USB.

Pulogalamu yoyendetsa thabuleti

Kampani iliyonse imapereka kwaulere kapulogalamu kotchedwa driver, kamene mumaika m'kompyuta. Ntchito yake ndi ya nkhoswe: thabuleti ndi kompyuta zikhoza kukhala m'nyumba imodzi, koma zimene mbali imodzi ikufuna zimafika bwino ku mbali inayo kudzera mwa iye. Popanda driver, thabuleti nthawi zambiri imagwira ngati mausi chabe. Mabatani ake sangasinthidwe, ndipo kukanikiza kumasowa m'mapulogalamu ambiri.

Ma driver a makampani awiri sakhalira limodzi mwamtendere. Amene anali ndi Wacom n'kugula Huion ayenera kuchotsa driver wakale, kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, kenako n'kuika watsopano. Kulumpha sitepe imeneyi kumabweretsa mizere yodukaduka ndi kamuvi kodumphadumpha, ndipo munthu amayamba kuimba mlandu thabuleti yosalakwa.

Pa makompyuta a Mac, kuyambira ndi macOS Catalina ya 2019, driver amafuna chilolezo m'malo awiri otchedwa Accessibility ndi Input Monitoring. Popanda zilolezozi cholembera chimatha kuyendetsa kamuvi koma osadina. Pa Linux, mathabuleti ambiri a Wacom amadziwika okha mukangowalumikiza. Pa Chromebook simungaike driver wa kampani monga mumachitira pa Windows, choncho sankhani thabuleti imene yalembedwa kuti inavomerezedwa pa Chromebook.

Pali vuto lina limene limakhudza kwambiri ogula zinthu zakale. Thabuleti ya EMR imakhalitsa, ikhoza kugwira ntchito zaka zoposa 10. Koma makampani amafika poleka kuika mathabuleti akale m'ma driver atsopano, pomwe driver watsopano amakananso Windows yakale monga Windows 7. Wina amakhala ndi thabuleti yakale pa kompyuta yatsopano, wina thabuleti yatsopano pa kompyuta yakale, onse manja ali m'khosi. Nthawi zambiri driver wakale amapezekabe pa tsamba la kampaniyo. Kulinso OpenTabletDriver, pulogalamu yaulere yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, imene imayendetsa mathabuleti a makampani osiyanasiyana pa Windows, macOS ndi Linux.

M'kati mwa driver mulinso chinthu chimene ambiri sachidziwa. Malo ojambulira pa thabuleti amaimira sikirini yonse: ngodya ya kumanzere kwa thabuleti ndi ngodya ya kumanzere kwa sikirini. Koma mathabuleti ambiri ali ndi muyeso wa 16:10, pomwe masikirini ambiri ndi a 16:9. Yesani izi: ikani chivindikiro cha botolo pa thabuleti, muzungulize cholembera m'mbali mwake. Ngati pa sikirini patuluka chinthu chophwatalala m'malo mwa chozungulira bwino, miyeso yasemphana, ndipo dzanja lanu lakhala likulimbana ndi bodza limeneli osadziwa. Kwa Wacom kabokosi kokonzera izi kalembedwa Force Proportions. Kwa makampani ena kali ndi dzina lina, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Pulogalamu yojambulira

Dandaulo lofala kwambiri kwa ojambula a pa Windows ndi lakuti cholembera chikulemba koma mzere uli wonenepa chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Gwero lake ndi lakuti Windows ili ndi njira ziwiri zoperekera uthenga wa cholembera ku pulogalamu. Yakale imatchedwa WinTab, ndipo inayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Yatsopano ndi ya Microsoft, imene kuyambira mu 2016 imadziwika kuti Windows Ink. Driver akamalankhula pa njira imodzi pulogalamu ikumvetsera pa inayo, kukanikiza kumatayika panjira.

Photoshop ya masiku ano imayembekezera Windows Ink, choncho kabokosi ka Windows Ink m'driver kayenera kuchongedwa. Clip Studio Paint, ya kampani ya ku Japan ya Celsys, imalola munthu kusankha pakati pa Wintab ndi Tablet PC. Krita, imene ndi yaulere, imalolanso kusankha pa tsamba lake la Tablet Settings, ndipo pomwepo pali poyesera cholembera. Mukasintha, tsekani pulogalamu n'kuitsegulanso. Pa GIMP 2.10, thabuleti imayenera kutsegulidwa pa Input Devices posankha Screen. Musaiwalenso bulashi yeniyeniyo: mabulashi ena anakonzedwa kuti asamve kukanikiza, ndiye yesani awiri kapena atatu musanagamule kuti china chake chafa.

Mapulogalamu ena ali ndi kwawo kumodzi. Procreate, yopangidwa ku Hobart m'dziko la Australia ndipo inatuluka mu 2011, ndi ya iPad, ndipo ili ndi mng'ono wake wa pa iPhone. Pa Windows ndi pa Android palibe. Wogula Kamvas kapena Cintiq n'cholinga chojambulira Procreate wagula chinthu cholakwika. Chotonthoza n'chakuti ntchito yokha imasamuka: mafailo a PSD amatseguka mu Photoshop, Krita, GIMP, Clip Studio Paint ndi Procreate, ngakhale zokongoletsa zina zimasintha pang'ono posamukapo.

Kujambula ndi foni

Achinyamata ambiri kwathu kuno ali ndi foni ya Android koma alibe kompyuta, ndipo funso lawo ndi lomveka: kodi thabuleti ingagwire pa foni? Yopanda sikirini ikhoza, ngati kampani inalemba kuti imagwira pa Android ndiponso ngati foniyo ili ndi OTG, luso lolola foni kuyendetsa chipangizo china kudzera pa kabowo kotchajira. Pamafunika kadaputala ka OTG, kamene kawirikawiri kamabwera m'katoni momwemo. Mafoni ena amafuna kuti OTG muitsegule nokha mu Settings, ndipo imadzitseka ikakhala mphindi zingapo osagwiritsidwa ntchito. Poti foni ndi yaitali choimirira pomwe thabuleti ndi yotambalala, pa mathabuleti ambiri mbali imodzi yokha ndi imene imagwira ntchito. Mapulogalamu monga ibisPaint ndi Sketchbook amathandiza bwino pamenepa.

Thabuleti ya sikirini ndi nkhani ina. Imafuna foni yotulutsa chithunzi pa USB-C, monga mafoni ambiri a Galaxy S kuyambira pa S8 ya 2017. Mafoni ambiri a mtengo wotsika satero, ndipo palibe kadaputala kamene kangaike m'foni luso limene mulibe.

Manambala a pa katoni

Ogulitsa amakonda kulemba ndi zilembo zazikulu kuchuluka kwa masitepe a kukanikiza: 2048, 4096, 8192, ndipo mu 2023 XP-Pen inafika pa 16384. Manambalawa ndi oona, koma dzanja la munthu silisiyanitsa 8192 ndi 16384. Chofunika kwambiri ndi chakuti cholembera chiyambe kulemba mukangokhudza pang'ono, ndiponso kuti mzere uzinenepa mosadumpha. Ngati mumakonda kupaka mthunzi chopendeketsa dzanja, onani ngati cholembera chimamva kupendekeka. Zambiri zatsopano zimamva mpaka madigiri 60, koma pulogalamu ndi bulashi ziyeneranso kukhala zomva zimenezo.

Kagulidwe koyenera

Ambiri amayamba ndi kusirira thabuleti, zina zonse n'kumaziganizira katundu atafika kale. Yambirani kumapeto. Sankhani pulogalamu imene mukufuna kujambulira. Onani chimene muli nacho kale, kompyuta kapena foni, mulembe dzina lake lonse, mtundu wa Windows, macOS kapena Android umene uli momwemo, ndi timabowo tonse timene tili m'mbali mwake. Mukatero funani thabuleti yogwirizana ndi zimenezo. Ngati mukutuma m'bale amene ali ku Johannesburg kapena ku London, mutumizireni nambala yeniyeni ya chinthucho. Mawu akuti «mundigulire cholembera cha Wacom» sakwanira.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi laputopu yanu mutaikamo kale driver ndi Krita. Kokani mzere kuyambira mopepuka kwambiri, muzilemeretsa dzanja pang'onopang'ono mpaka mzere utanenepa, kenako mupepukitsenso. Ukhale wosalala ngati mmene dzanja layendera. Yendetsani cholembera m'ngodya zonse zinayi kuti muone ngati pali malo akufa. Kokani mzere wopingasa pang'onopang'ono motsatira rula yapulasitiki, muone ngati ukunjenjemera. Gwedezani chingwe pamene chalowera, chifukwa pamenepo ndi pamene mathabuleti ambiri amayambira kuonongeka. Funsaninso za nsonga zosinthira, poti zimatha ndi ntchito ndipo kampani iliyonse ili ndi zake. Pa zolembera zambiri zimabisidwa m'choimikira cholembera kapena kumbuyo kwa cholembera chenichenicho. Thabuleti yogulitsidwa popanda cholembera musaithamangire chifukwa cha kutchipa: cholembera chake chikhoza kukhala chosowa, ndipo nthawi zina mtengo wake umaposa wa thabuleti yaing'ono yatsopano.

Kusamvana kwa zipangizozi sikunagwe kumwamba. Kunabwera chifukwa makampani anasankha kuyenda aliyense njira yake, ndipo amene amalipira kwambiri ndi wojambula wa m'dziko limene kubweza katundu kusitolo yakunja n'kosatheka. N'chifukwa chake ntchito monga USI, imene inakhazikitsidwa mu 2015 kuti cholembera chimodzi chizilemba pa zipangizo za makampani ambiri, ndiponso mapulogalamu aulere monga Krita ndi OpenTabletDriver, ndi zofunika kwa ife kuposa kwa anthu a m'mayiko olemera. Kufikira makampani atamvana, chitetezo cha wogula ndi kudziwa. Thabuleti yaing'ono yotchipa imene ikumvana ndi laputopu yakale ndi pulogalamu yaulere ndi yokwanira kujambulira buku la ana, chikuto cha chimbale kapena chikwangwani cha bizinesi, ndipo ndalama zimene zikanatayika pa chipangizo cholakwika zikhoza kugula nsonga ndi intaneti yophunzirira luso lenilenilo.